Zala za a Gwaza

Ntchito yanga yoyamba anandipezera mai Asiyatu, oyandikana nafe nyumba ku Area 4. Iwo ankagwira wotchi pa masewero a basiketibolo, ndipo ataona malembedwe anga pa kalata ina anati, "Dzanja limeneli lisamangotha ndi kuchapa. Loweruka tipitire limodzi." Mpirawo sindinkaudziwa ngakhale pang'ono, koma kukhala pakhomo kunali kutandikwana.

Patebulo tinkakhala atatu: wa wotchi ya masewero, wowerenga masekondi 24 amene timu imapatsidwa kuti iponye mpira, ndi ine wolemba. Zida zanga zinali pepala la zigoli, bolopeni yofiira ya kota yoyamba ndi yachitatu, yabuluu ya makota enawo, belu, ndi timatabwa tisanu ta manambala. Wosewera akachita faulo, woyimbira amayandikira tebulo n'kuonetsa ndi zala nambala ya wolakwayo. Wolemba amalemba, n'kukweza kathabwa kosonyeza kuti mafaulo a munthuyo afika angati. Kachisanu n'kofiira, ndipo kakakwera wosewera amatuluka osabwereranso.

Woyimbira wamkulu anali a Gwaza, bambo a imvi, msinkhu wa bambo anga. Apa ndi pamene panali vuto langa. Kwathu anandilera kuti kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano, choncho iwo akamabwera kutebulo mutu wanga unkawerama wokha. Ndinkangoba ndi diso, kwinako n'kumalizitsa ndi zimene ndaona m'bwalo. Miyezi iwiri zinandiyendera, mpaka ndinayamba kudzitama.

Tsiku lovutalo kunkasewera atsikana pa bwalo la sukulu ina kufupi ndi City Centre, ndipo kunabwera anthu odzasankha osewera a timu ya chigawo. Aliyense ankadziwa kuti abwera kudzaona Tiyamike, wovala nambala 7, mwana wa mayi wina wogwira ntchito m'nyumba ku Area 43. Mayiyo anapempha tchuthi kuti adzamuone.

M'kota yachitatu munachitika mpanipani pansi pa golo. Wezulo inalira, a Gwaza anabwera, ine mutu pansi. Ndinaona zala ziwiri za kumanzere basi. Nambala 7 amaionetsa ndi zala ziwiri kumanzere, zisanu kumanja. Nambala 12 ndi zala ziwiri zomwezo, koma kumanja chibakera. Dzanja lamanjalo sindinalione. Poti Tiyamike ndiye anali pafupi ndi mpira, ndinalemba pa dzina lake. M'phokoso lija palibe anasamala kathabwa kamene ndinakweza.

Kota yomaliza itangoyamba, Tiyamike anachitadi faulo. Ndinawerenga mafaulo ake papepala, ndinapeza asanu, ndinaimba belu, ndinakweza kofiira. Mtsikanayo anangoti kakasi, akuonetsa zala zinayi. Kochi wake analumpha: "Ndi folo imeneyo, si faifi! Tebulo, mukutani kodi?"

A Gwaza anaimitsa masewero n'kudzawerama pa pepala langa. Anafunsa motsitsa mawu, "Faulo ya m'kota yachitatu ija, munaona manja anga onse awiri?"

Bodza linali pafupi, koma linakana kutuluka. "Ayi, bambo. Ndinawerama."

Anatseka maso, kuyesa kukumbukira. Anali atayimba mafaulo ambirimbiri masana amenewo, mnzawo woyimba naye sankakumbukanso, ndipo panalibe wojambula. Zikatero chimene chili papepala ndicho chimagwira ntchito. Tiyamike anakakhala pabenchi, thaulo kumutu, pamene osankha aja ankalemba maina a ena. Pa maina amene anaitanidwa, lake panalibe. Mwina akanamusiyabe, sindidziwa, ndipo kusadziwako kumandipweteka mpaka lero.

Masewero atatha, wovala nambala 12 anavomera yekha kuti faulo ija inali yake. A Gwaza sanandikalipire. Anangoti, "Mwanawe, panja pano undigwadire ngati ukufuna. Koma patebulo ulemu wako ndi kundiyang'ana."

Tsopano ndine amene ndimaphunzitsa olemba atsopano. Ndimawauza kuti woyimbira akaonetsa nambala, aziyang'ana manja onse awiri, aibwereze mokweza, ndipo bolopeni isakhudze pepala iye asanagwedeze mutu. Ngati sunaone, imba belu mpira ukaima, ufunse, ngakhale bwalo lonse likuseke. Ena amati ndine wovuta, ndipo sindikana.

Chimene sindiwauza ndi chakuti tsiku lija ndinathamangira Tiyamike pageti, ali ndi amayi ake, kukapepesa. Ndinafotokoza zonse, za kwathu, za ulemu, mawu ambirimbiri. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anakoleka chikwama paphewa.

"Asisi," anatero, "mukanangodzutsa mutu."