Zala za a Chiphaliwali

A Chiphaliwali sanabadwe achangu. Kusukulu ankafika belu litalira kale, mayeso omaliza anawalemba katatu, ndipo ntchito ya ukalaliki ku ofesi yolembetsa maukwati anaipeza chifukwa alamu awo ankayendetsa galimoto ya mkulu wina kumeneko. Zaka khumi ndi ziwiri zoyambirira anazitha akudinda zikalata, kuyasamula ndi kuuza anthu kuti abwere mawa. Dzina lawo panalibe amene ankavutika kulisunga. Ankangoti bambo a pakona aja.

Kenaka kunabwera makompyuta. Yawo inafika ndi mausi yodwala: ukaikankhira kumanja, kamuvi kankapita kumwamba, ndipo patatha sabata inaferatu. Analemba kalata yopempha ina, kalatayo inakagona pansi pa makalata anzake monga mwa masiku onse. Wokonza makompyuta, atatopa ndi kudandaula kwawo, anawaonetsa mabatani angapo ali chiimire, chikwama chili kale paphewa.

"Dinani ili la kambendera pamodzi ndi E, mafoda atseguka. Yendani ndi mivi iyi. Enter mwalowa, Backspace mwabwerera. Alt ndi Tab, mwadumphira pa windo ina. Kambendera ndi D, zonse zabisala. Basi, musandiimbirenso."

Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Bambo a pakona anaipeza nyimbo yawo ali ndi imvi kale m'ndevu, ndipo anaigwira ndi manja awiri. Anayamba kudya chamasana ali pampando, akuyeseza. Anatulukira okha kuti Ctrl ndi A amasankha mafayilo onse kamodzi, kuti F2 amasintha dzina la fayilo, kuti Alt ndi F4 amatseka chilichonse chimene chili pamaso pako, ndipo ngati palibe chotseka amakufunsa ngati ukufuna kuzimitsa kompyuta. Pakutha pa chaka, mawindo ankang'anima pa sikirini yawo mpaka wamesenjala wa mu ofesimo anaphimba maso n'kunena kuti, "Koma bambo awa ndi chiphaliwali!" Dzina linamera pomwepo, ndipo eni ake analikonda kuposa la ubatizo.

Mukafunsa kuti changu chonsecho chinkapanga chiyani, ndikuyankhani mosabisa: palibe. Ankalowa mufoda, kutuluka, kulowa mu ina, kubwereranso, ngati munthu woyendayenda m'nyumba usakumbuka chimene wadzatenga. Kumbuyo kwa mawindo onsewo kunkakhala kamasewera ka makadi, ndipo nsapato za bwana zikamveka m'khonde, chala chachikulu ndi cha mkombaphala zinkachita zokha ntchito yake. Wina akaima pafupi, ankavundikira manja ndi chikuto cha fayilo kuti mabatani asaonedwe. Anagula mafuta odzola a zala zokha. Kunyumba anasiya kunyamula ndowa kapena kugwira nyundo.

"Zala izi ndi za ofesi," ankatero kwa akazi awo.

"Chabwino, bambo a ana," mayiwo ankayankha. "Nanga pakudya bwanji zimakhala zathu?"

Moyang'anana nawo munkakhala kalaliki mnzawo, mayi wamagalasi amene a Chiphaliwali anamutcha Mayi Nkhono. Mayiyu ankagwira mausi ngati dzira, kulemba ndi zala ziwiri, milomo ikuyenda powerenga. Kwa zaka zisanu ndi zinayi anajambula zikalata zonse za ukwati pa makina, chimodzichimodzi, ndipo chithunzi chilichonse anachipatsa dzina: la mwamuna, la mkazi, ndi chaka. Zinakwana zikwi zinayi ndi khumi ndi ziwiri, zonse mufoda imodzi imene makompyuta awiriwo ankaiona. Mapepala enieni anawalonga m'matumba n'kuwapititsa ku nyumba ina yosungiramo katundu, yadenga lodontha, kumene chiswe chinawalandira bwino.

Munthu akafika pazenera kudzafuna chikalata chake, a Chiphaliwali ankayamba ndi iwo. Ankang'animitsa mawindo kwa mphindi ziwiri, munthu uja pakamwa pali yasa, kenaka n'kupumira m'mwamba.

"Mayi Nkhono, tamalizani kankhani aka. Mbali yovuta ndachita kale."

Mayi Nkhono ankachipeza chikalatacho, ndipo zikomo ankapita kwa a Chiphaliwali.

Zinthu zinasintha kutabwera bwana watsopano, mnyamata wa suti yothina amene ankakonda mawu akuti changu. Sabata yake yoyamba anapachika chidziwitso pakhomo: makalaliki awiri ndi ochuluka, pakutha pa mwezi atsala mmodzi. A Chiphaliwali anawerenga kawiri. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu, ana atatu ali pasukulu, alamu awo aja anapuma kale pa ntchito, ndipo mumtima ankadziwa bwino lomwe kuti kunja kwa chipinda chimenechi palibe amene angalembe munthu ntchito yotsegula ndi kutseka mafoda. Anachita mantha enieni, a munthu wodziwa kuti alibe kolowera.

Lachitatu masana bwana analowa kuti aone mmene aliyense amagwirira ntchito. Anayamba ndi Mayi Nkhono. Anawapatsa dzina loti afufuze, mayiwo anakankha mausi yawo modekha, napeza chikalata m'mphindi imodzi ndi theka, bwana atayasamula kale kamodzi. Atafika pakona, a Chiphaliwali anachita chimene sanachitepo: anachotsa chikuto cha fayilo, natambasula zala poyera.

"Bwana, ine sikirini sindiyang'ana. Ndiyang'ana inu."

Anatembenuzadi khosi, maso ali pa bwana, zala zili pa kiyibodi. Mafoda anatseguka, mawindo anadumphadumpha. "Apa ndalowa mu maukwati. Apa ndatuluka. Apa ndalowanso. Apa, bwana, ndasankha onse kamodzi, zikwi zinayi, ndi zala ziwiri zokha." Bwana ankamwetulira, maso ake ali pa zala. "Tsopano ndisintha dzina la fayilo imodzi, ndiike lanu, kenaka ndilibweze." Anadina F2, nalemba BWANA WATSOPANO, namenya Enter ngati akupha udzudzu.

Anaiwala chinthu chimodzi, chimene akanachiona akanakhala kuti akuyang'ana kumene anthu amayang'ana: mafayilo onse aja anali akadali osankhidwa. Atatembenuka, anaona mndandanda ukusintha wokha kuchokera pamwamba. BWANA WATSOPANO (1). BWANA WATSOPANO (2). BWANA WATSOPANO (3). Mpaka pansi.

Mayi Nkhono ankaona zomwezo pa sikirini yawo. Anaimirira, nayamba kunena kuti, "Bambo, chonde musazi..." Koma zala zimene kwa zaka zambiri zinaphunzira kuti vuto limathetsedwa polibisa sizinadikire mwini wake. Kambendera ndi D. Alt ndi F4. Enter. Kompyuta inazima.

"Ndipo umu ndi mmene ndimatsekera, bwana," anatero a Chiphaliwali.

Bwana anaomba m'manja kawiri n'kutuluka.

M'mawa mwake nkhani inali itafika kale kwa alonda a pageti. Wamesenjala ankauza aliyense kuti bwana wakwatira akazi zikwi zinayi tsiku limodzi osaitana ngakhale mmodzi wa ife. Wokonza makompyuta anabwera, nayang'ana, nanong'oneza a Chiphaliwali kuti Ctrl ndi Z akanabweza maina onse, akanapanda kuzimitsa. Tsopano zatha. Zikalatazo ndi zithunzi chabe, kompyuta singawerenge za m'kati mwake, ndipo makope ena ofesi inali ikuganizirabe zowapanga.

Bwana anaitana makalaliki awiriwo ndi wokonza makompyuta, nkhope ili gwa.

"Ndani wachita zimenezi?"

A Chiphaliwali anayang'ana pansi, naona nsapato zawo zong'ambika m'mphepete, naganiza za ana aja. Kenaka anatsegula pakamwa.

"Bwana, ndi vayirasi. Tizilombo timeneti timalowera pa chingwe cha mausi. Ine mausi sindigwira, mwaona nokha dzulo."

Bwana sankadziwa kanthu za makompyuta, koma sankafuna kuti zimenezo zidziwike, ndiye anayang'ana wokonza uja. Wokonza makompyuta, amene mawu akuti vayirasi ndiwo amamudyetsa, anangogwedeza mutu ngati dokotala. Mayi Nkhono anapempha kuti afotokoze, ndipo anayambira poyambira penipeni, chaka chimene makina ojambulira anabwera, ndi mmene anakonzera kalembedwe ka maina. Anali asanafike pa Lachitatu pamene bwana anayang'ana wotchi kachiwiri n'kunena kuti wamva zokwanira.

Pakutha pa mwezi Mayi Nkhono analonga kapu yawo, kapilo ka pampando ndi chithunzi cha adzukulu awo. Sanatukwane. Anangoima pa desiki la pakona kanthawi, n'kuyang'ana zala zija mpaka eni ake anazibisa pansi pa tebulo.

Ntchito inatsala ya a Chiphaliwali, yonse. Lolemba loyamba pazenera panafika mayi wamasiye, wovala zakuda, ndi kachikwama kapulasitiki. Amuna awo anali atamwalira, achibale a malemuwo ankati sanali mkazi wa ukwati ndipo atuluke m'nyumba. Bwalo la milandu linkafuna chikalata. A Chiphaliwali anatsegula nambala wani, nawerenga, natseka. Nambala thu. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo wa ukalaliki ankawerenga zimene zili m'mafayilo, ndipo anapeza kuti kuwerenga kulibe batani lachidule. Zolemba zakale za pamanja zinkawawawitsa maso. Pofika nthawi yoweruka anali pa nambala makumi asanu ndi limodzi.

Mayi wamasiye anabweranso Lachiwiri, Lachitatu, sabata yonse ndi inzake. Sankakalipa. Ankakhala pabenchi, manja ali pamwendo, akuwayang'ana. Kumbuyo kwawo mzere unkakula. A Chiphaliwali anasiya makadi, anasiya kudzola mafuta, chakudya chinasiya kulowa. Akazi awo anafunsa kuti akudwala chiyani, iwo anati mutu.

Loweruka lachitatu anakwera basi mpaka kumene Mayi Nkhono ankakhala. Anawapeza pakhonde akusoka yunifolomu ya mdzukulu. Analandiridwa, anapatsidwa mpando, anafunsidwa za kunyumba. Kenaka anavula chipewa.

"Achemwali, ndinakulakwirani. Vayirasi kunalibe. Ndinali ine."

"Ndikudziwa, achimwene. Ndinalipo."

"Ndathedwa nzeru. Pali mayi wina alandidwa nyumba."

Mayi Nkhono anafunsa dzina la mayiyo ndi chaka cha ukwati, natseka maso pang'ono. "Zikalata za chaka chimenecho ndinazijambula mvula itayamba, makina atangokonzedwa. Tsiku lojambula kompyuta imasunga, silinasinthe. Ndikanachipeza tisanamwe tiyi, ndipo zonsezo ndikhoza kuzibweza m'miyezi itatu." Analuma ulusi ndi mano. "Koma ine ndinachotsedwa chifukwa cha vayirasi. Lolemba mukalowe kwa bwana, mukanene zimene mwanena panozi, mawu omwewo. Akandiitana ndibwera."

"Adzandichotsa ntchito, achemwali."

"Mwina. Ine anandichotsa, ndipo mukundiona ndili moyo."

Lolemba a Chiphaliwali anafika oyambirira, anavala tayi. Anayenda khonde lonse mpaka pachitseko cha bwana. M'kati munkamveka bwana akuseka pa foni. Anakweza dzanja. Anaima choncho nthawi yaitali, mpaka wosesa anawapempha kuti asunthe phazi. Anaganiza za fizi, za nkhope ya akazi awo, za wamesenjala ndi pakamwa pake. Manyazi anali nawo, aakulu ndithu, koma mantha anali aakulu kuposa manyaziwo. Anatsitsa dzanja, nakonza tayi, nabwerera pakona.

Mayi wamasiye anali kale pazenera. Tsiku limeneli anabwera ndi mwana wawo wamkazi, ndi matumba awiri a zovala amene anawaika pansi pa benchi.

"Atipatsa mpaka Lachisanu, bambo," anatero. "Mwachipeza?"

A Chiphaliwali anali pa nambala mazana asanu ndi anayi. Anayang'ana sikirini, osati mayiyo.

"Netiweki yavuta lero, mayi. Bwerani mawa."

Mayiyo anagwedeza mutu, nawathokoza chifukwa cha khama lawo, n'kukakhala pabenchi.