Tsiku Limene Madzi Anachepa M'boti

Zigubu makumi atatu pa ola limodzi: ndiwo madzi amene amalowa m'boti la matabwa lonyamula amalonda pa doko la kumunsi kwa Mtakataka, nyanja ikakhala bata. A Jailosi amadziwa nambalayi chifukwa ntchito yawo ndi yokapa madziwo. Zaka khumi ndi zinayi akhala pakati pa botilo, mapazi ali m'madzi, chigubu chodula kukamwa chili m'manja. Zikhadabo za kumapazi zinathothoka kalekale. Sukulu analekezera sitandade 4 ku Mua, koma powerenga zigubu salakwitsa. Zikapitirira makumi anayi, amadziwa kuti pali thabwa lomwe lalekana ndi linzake.

Ulendo wake ndi wa masiku atatu, kutsata gombe, kuima m'madoko a asodzi mpaka ku Msaka. Amalonda amatsitsa mpunga wa ku Bwanje, tomato ndi nkhuni, n'kukweza usipa. Anthu amadyera momwemo, kukanganirana momwemo, ana kuyamwira momwemo. A Jailosi nkhani zonse amazimva ali chowerama, milomo ikuwerenga.

Pa ulendo wa mu Julayi ananyamuka ndi anthu 26 ndi matumba 40 a mpunga. Matumba khumi ndi awiri anali a mayi Felesita a ku Golomoti, ndipo anasanjidwa pansi penipeni. Mwera unali utayamba. Pofika 10 koloko m'mawa zigubu zinakwana 55 pa ola. A Jailosi anauza Hamidu, woyendetsa injini, yemwe mwini boti ndi amalume ake. Hamidu anati mkono wa mdala ndi umene wafulumira lero, mwina kunyumba awadyetsa bwino. Anthu anaseka.

Kenaka madzi anayamba kuchepa. Ola lotsatira zigubu 30, linalo 18. Mitima ya anthu inakhala pansi. Mayi Felesita anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, n'kuwapatsira a Jailosi chinangwa chophika kuti apumeko.

Chinangwacho a Jailosi sanachidye. Pa zaka zonsezi sanaonepo mng'alu wodzitseka wokha. Anakwawira kutsogolo, napisa dzanja pansi pa katundu. Matumba a pansi anali atatupa, olimba ngati mwala, ulusi wosokera uli pafupi kuduka. Mpunga unali ukumwa madzi, ndipo potupapo unatseka njira imene madzi amatsikira pakati pa boti. Madzi sanachepe ayi, ankadzaza kutsogolo, kumene kunalibe wowakapa. Mphuno ya boti inali itatsika kale ndi zala zinayi.

"Hamidu, khotera kumtunda."

"Madala, madzi akachuluka mudandaula, akachepa mudandaulanso. Tikuchitireni chiyani?"

A Jailosi atalimbikira, Hamidu anawauza poyera kuti akachedwetsa ulendo, amalume apeza wokapa wina mawa lomwe, pakuti chigubu sichifuna satifiketi. A Jailosi ali ndi ana asanu, munda wawo ndi wa mchenga, ndipo pakhomo pawo pamadya ntchito yomweyi. Anayang'ana mwana amene ankagona kumsana kwa mayi wina pafupi ndi mphuno ya boti.

Anasolola mpeni, nang'amba thumba limodzi la pansi anthu onse akuona. Mpunga unatuluka uli phala, madzi akutsatira pambuyo.

"Mpunga wanga, a Jailosi! Ndakulakwirani chiyani?"

Koma amayi ena anali ataona madziwo. Anamuzinga Hamidu ndi mawu mpaka anakhota. Boti linakocheza m'bango, pa kamudzi ka asodzi chakufupi ndi Malembo. Atatsitsa katundu anapeza mng'alu wautali ngati mkono, thabwa lake lofumbwa moti chala chimalowa.

Palibe anamira. Koma matumba asanu ndi awiri a mayi Felesita ananyowa. Anayanika mpungawo pa zitenje ndi pa matanga obwereka, ndipo a Jailosi atabwera kudzathandiza, mayiwo anawafulatira. Hamidu anapita pambali n'kuimbira amalume ake foni. Anawauza kuti mdala wang'amba katundu wa kasitomala ndi kuyambitsa chipolowe m'boti. Za mng'alu anangotchula pang'ono. Yankho linali lakuti a Jailosi asakwerenso.

A Jailosi sanatsutse. Anapempha nyundo kwa msodzi wina, nabenthula chidutswa cha thabwa lofumbwa lija. Anatapanso mpunga wotupa wodzaza manja awiri, zonse n'kumanga mu jumbo. Mawa m'mawa akwera njinga ya kabaza mpaka ku Golomoti, kenaka minibasi ya ku Mtakataka, akaike jumboyo patsogolo pa mwini boti Hamidu asanafike.