Tsiku Limene Ndinaperekeza Amuna Anga ku Kafue

Amuna anga anagula njinga ija chaka chimene tinasamukira ku Chawama. Sinali ngati njinga zimene ndinakula nazo kwathu ku Katete, zakuda zija za keriyala yokwana mayi, mwana ndi thumba la chimanga. Iyi inali yowonda ngati yodwala, matayala ake ngati chala changa, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Anaipeza kwa munthu wogulitsa zinthu zakale ku Kamwala, ndipo anabwera nayo limodzi ndi chipewa cholimba ndi kabudula wothina amene ndinawachonderera kuti asamaime naye pakhomo masana.

Mkati mwa sabata ankapalasa kupita kuntchito ku Industrial, ulendo waufupi. Koma Loweruka lililonse ankadzuka m'mamawa, kuvala zothina zija, n'kunena kuti, "Nayenda ku Kafue. Thupi ifunika kuilimbitsa."

Loweruka ndi tsiku lotunga madzi ochapira, lokonza chitseko chakugwa, lolandira abale awo a ku Kitwe amene sabwera ndi chenjezo. Zonsezo zinkandigwera ine. Iwo ankabwera dzuwa litapendeka, malaya ali chinyowere, n'kudziponya pampando. Ndinkawatenthetsera madzi a mapazi, iwo akundisimbira za mapiri, za mtsinje waukulu, za mvuu zimene akuti zinkawayang'ana ali pamlatho. Ndinkawamvera chisoni, moti nkhuku ikaphikidwa ntchafu zonse ziwiri zinkakhala zawo.

Loweruka lina ndinakwera minibasi kupita ku Chilanga kukaona mnzanga wa kutchalitchi amene anali atabereka. Titangodutsa pamphambano ya ku Lilayi, basi inaima kutsitsa munthu. Ndinasuzumira pawindo. Kuseri kwa kantemba ka munthu womata matayala kunali mtengo wa mango, ndipo panthambi yake panali chipewa chimene ndinkachidziwa. Pansi pake amuna anga anali atakhala pa tayala lakale, akusewera dirafuti ya zitsekerero za mabotolo, chinangwa chootcha chili m'manja. Kuchokera kunyumba kufika pamenepo, ngakhale mwendo umodzi sungatope.

Pobwerera ndinatsikira pomwepo mwadala, n'kubisala kuseri kwa amayi ogulitsa tomato. Anali adakalipo. Nthawi itakwana anaimirira, kudziongola, kutenga botolo la madzi n'kudzithira kumsana ndi m'khwapa mosamala ngati akuthirira mbewu. Ndinathamangira basi kuti ndiwatsogolere kunyumba.

Madzulo ake ndinawatenthetsera madzi monga mwa masiku onse.

"Mvuu zinaliko lelo?" ndinafunsa.

"Zitatu," iwo anatero, maso ali chitsinzinire. "Imodzi inali na kamwana."

"Shuwa? Mwatopa maningi, pepani."

Sindinauze munthu aliyense. Lachisanu ndinapita kwa bambo woyandikana nafe wogulitsa makala kukabwereka njinga yake, yakuda, yolemera, yopanda belu, keriyala yowotcherera ndi zitsulo za pawindo. Zaka zonse za ukwati wathu amuna anga, amene anabadwira m'tauni, anali asanandifunsepo ngati ndimadziwa kupalasa. Sankadziwa kuti ndili mtsikana ndinkapita kuchigayo ndi thumba kumbuyo, kukwera zitunda osatsika.

Loweruka m'mawa anandipeza panja nditavala thalauza mkati, chitenje pamwamba, ndikupopa tayala.

"Imwe, muyenda kuti na njinga ya malasha?"

"Nikupelekezani. Nifuna kuona kamwana ka mvuu."

Anaseka, kuseka kosafika m'maso. "Ku Kafue ni kutali. Simungakwanise. Na matiraki ni yambili pa mseu."

"Nikatopa muzanipapa kumsana," ndinatero, ndili kale pachishalo.

Tinatuluka m'komboni tikuzemba maenje ndi madzi otayidwa m'njira, mpaka tinalowa mumsewu wa Kafue. Kunali kumapeto kwa mvula, kozizirira bwino, udzu udakali wobiriwira. Poyamba iwo anali patsogolo, atawerama ngati anthu a mpikisano, akundikodola ndi dzanja kuti ndisendere kumbali thiraki ikamabwera. Pamenepo ndinawayamikira, chifukwa mathiraki opita kumalire akamadutsa mphepo yake imakukankha ngati munthu.

Titayandikira mtengo wa mango uja, ndinaona akuwerama kwambiri, nkhope atatembenuzira kwina. Koma anzawo anali atawaona kale.

"Ba mudala! Lelo simuimilila? Mpando wanu uli pano!"

"Ni bandani aba?" ndinafunsa.

"Sinibaziba. Bantu ba mowa chabe."

Ine ndinawakwezera dzanja anthuwo, iwo n'kuyankha ndi mluzu.

Kupitirira pamenepo ndi pamene ndinaona kuti tonse awiri tinali alendo. Ku Chilanga mitengo ikuluikulu inaphimba msewu, ndipo chapatali fakitale ya simenti inaima yotuwa ngati yathiridwa ufa. Kenako nyumba zinayamba kuchepa. M'mbali mwa msewu munali maluwa achikasu aja omera okha, otalika kuposa munthu, ndi minda ya chimanga choyamba kuuma. Amayi anaunjika mbatata ndi maungu m'mphepete mwa phula. Njanji inkatitsatira, kubisala m'udzu n'kutulukiranso. Kutsogolo mapiri anaoneka obiriwira, akumbuyo kwake ngati utsi. Ndinali nditadutsapo pa basi, koma pa basi umaona khosi la munthu wa kutsogolo kwako basi. Panjinga ndinamva fungo la udzu wonyowa, ndipo mtima unapita kwathu.

Ndinatembenuka kuti ndiwauze zimenezi. Panalibe munthu. Anali kumunsi kwa chitunda, akupalasa mokhotakhota ngati nkhuku yodwala chitopa. Ndinawadikira pamthunzi. Atafika, malaya anali atanyowa ndi thukuta lenileni, ndipo linali ndi fungo limene ndinali ndisanalimvepo Loweruka lililonse.

"Tayala yachepa mpweya," anatero akupuma mwabefu.

Ndinalifinya. Linali gwa ngati mwala.

"Paja mapiri aya mumayakwela kangati pa mwezi?"

"Lelo kuli mphepo," anayankha.

Chakufupi ndi Shimabala minofu ya mwendo wawo inakokana, nakhala pansi pamiyala akubuula. Ndinawasisita katumba mpaka anamasuka. Kenako ndinamasula chitenje changa, nsonga ina kumanga ku keriyala, ina ku mahandulo awo. Anakana, anayang'ana uku ndi uku, kenako anavomera. Tinalowa m'kanjira ka fumbi kotsata msewu, ine ndikukoka. Njinga ya makala inazolowera matumba anayi, choncho mwamuna mmodzi sinamumve n'komwe. Anthu a pa basi ina anatulutsa mitu pamawindo, kondakitala akufuula kuti, "Mayo, mwamugula zingati uyo?" Amuna anga anatsitsa chipewa mpaka pamphuno.

Tinamasula chitenje tisanalowe m'tauni ya Kafue, chifukwa anandipempha ndi mawu aang'ono kwambiri. Pamenepo msewu unayamba kutsetsereka, dziko linatseguka kukhala chidikha chachikulu chonyezimira madzi apa ndi apo. Pa sitolo ina anaima n'kunena kuti, "Tafika."

"Nanga mtsinje?"

Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja. Pomaliza anafunsa mayi wogulitsa nthochi, amene anatiuza kuti mlatho udakali kutsogolo ndithu. Ndinangogula nthochi zinayi n'kuwapatsa zitatu.

Titafika pamtsinje dzuwa linali pamutu. Madzi anali otakata, odekha, mabango akugwedera m'mbali, asodzi awiri akupalasa bwato pang'onopang'ono. Amuna anga anatsamiritsa njinga, anavula chipewa, n'kuyang'ana madziwo nthawi yaitali.

"Kansi ni kwabwino so," anatero.

Atazindikira chimene anena, anandiyang'ana. Ine ndinali nditagwira kale pakamwa. Kuseka kunandigwetsa paudzu, ndipo posakhalitsa nawonso anayamba, akugwira nthiti ndi mwendo wopweteka uja nthawi imodzi.

"Munaziba liti?"

"Siku ya mvuu zitatu. Nenze kumbuyo kwa tomato pamene munali kuzithila manzi."

"Manje bwanji simunakambe?"

"Sembe mwakana. Ati nenze kupumulako chabe."

Anavomera kuti tsiku loyamba lenileni ankafunadi kufika ku Kafue, koma anatopa pamtengo paja, anthu aja n'kuwapatsa mpando, basi chizolowezi. Za mapiri ndi mvuu ankazimva kwa madalaivala a kuntchito. Ndinawauza kuti dirafuti sindiletsa, koma izikhala madzi atatungidwa, ndipo ntchafu ya nkhuku imodzi ibwerere kwa mwini wake.

Tinagula nsomba zinayi zaziwisi kwa amayi a pamlatho. Zobwerera pa njinga sitinakambirane n'komwe. Tinakwera kalole konyamula mphasa, njinga zathu zitagona pamwamba, ife titakhala kumbuyo miyendo ili lendelende, mapiri aja akubwerera m'mbuyo limodzilimodzi.

M'mawa mwake kutchalitchi amuna anga analephera kukhala pansi chifukwa cha ululu wa chishalo cha njinga. Anayesa, benchi itangowakhudza anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu. Anaima kumbuyo mapemphero onse, ulaliki wonse, manja atagwira msana wa benchi, nkhope itakwinyika. Chakumapeto abusa anawaloza n'kuuza mpingo kuti uone munthu amene mawu amugwira mpaka kukana kukhala, ndipo anthu anawomba m'manja. Ine ndinali m'kwaya, kutsogolo, pamaso pa anthu onse. Ndinaluma kolala ya yunifolomu mpaka nyimbo yotsekera inayamba.