Wamasiye Amene Anakana Kugwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene anandipatsa mbali ya mkazi wamasiye m'sewero la kusukulu, bambo anga atangomwalira kumene. Nthawiyo tinkakhala ku Rongai, kunja kwa mzinda wa Nairobi ku Kenya, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Bambo ankagwira ntchito ku ofesi ya mpingo m'tauni mu Nairobi, amayi anali namwino pa kachipatala ka mpingo womwewo. Bambo anadwala nthawi yaitali, ndipo wowasambitsa, wowatembenuza ndi wowamwetsa phala anali amayi. Ndinaona ndi maso angawa, poti beseni ndinkanyamula ndine.

Titakaika maliro kwathu ku Nsanje, tinabwerera ku Nairobi ndi abambo aang'ono, a Zuze, mng'ono wa bambo. Ankati akutiperekeza. Koma kwa bambo amalowola, ana ndi akuchimuna, ndipo chimene a Zuze anadzera chinali mchimwene wanga Yohane, kuti amutenge akakhale kumudzi. Madzulo aliwonse ankakhala naye pakhonde nʼkumamunong'oneza, koma mawu awo anali aakulu moti ndinkamva ndili kukhitchini.

"Munthu safa chabe, mwana wanga. Amayi akowa akudziwa chimene chinadya bambo ako."

Yohane anasiya kudya chakudya cha amayi. Ankagula mandasi pa kiyosiki, ndiwo zamasamba za sukuma zimene amayi amugawira nʼkuzizirira m'mbale. Amayi ankamva zonse koma osayankha. Mwambo unkati namfedwa amene sanasudzulidwe avale zakuda, akhale pansi, maso pansi, asatsutsane ndi alamu ake. Ine zinkandiwawa, ndipo ndinkakwiyira amayi omwe chifukwa cha kukhala chete kwawoko.

Kusukulu, mphunzitsi wathu wa Chingerezi, Madamu Wanjiru, anatisankhira sewero lakalekale la ku Mangalande, la kubwezera imfa. Anatifotokozera kuti masewero otere amakhala ndi anthu ake odziwika. Pamakhala wakufa amene sagona m'manda, amadzuka kudzalamula kuti amubwezerere. Pamakhala wakupha, amene nthawi zambiri amavala ulemu nʼkumalira nawo maliro. Ndiye pamakhala mwana wobwezera, amene amamvera wakufayo mpaka mutu kuzungulira, nʼkupha olakwa ndi osalakwa omwe. Pomaliza onse amagona mbwee pansi, wotsala amangokhala wosesa.

"Nanga wamasiyeyo ntchito yake nʼchiyani?" ndinafunsa.

"Kulira, kuganiziridwa zoipa, kenako kufa," anatero Madamu. "Nʼchifukwa chake ndakupatsa iwe, Tadala. Mawu ake ndi ochepa."

Ankaganiza kuti akundichitira chifundo, poti Chingerezi changa chinkanunkha kwathu ndipo anzanga ankandiseka. Koma ndikuyenda ulendo wa kunyumba m'fumbi la Rongai, ndinaona kuti sewerolo linali litayamba kale kwathu. Yohane anali wobwezera, amayi anali wamasiye. Ndipo bambo anga, munthu amene sanamenyepo ngakhale galu, anali atasandutsidwa wakufa wolusa, wolankhulira pakamwa pa a Zuze.

Tsiku la makolo linali Loweruka masana. Holo inadzaza, malata akutentha. Amayi anakhala chakumbuyo ndi nsalu yawo yakuda, a Zuze kutsogolo ndi jekete ya bambo, Yohane pambali pawo. Basi yawo yopita kumudzi inali ya sabata yotsatirayo.

Mzukwa wathu anali kamnyamata kopakidwa ufa, kofunda shiti ya kunyumba kwawo, ndipo kanayetsemula pakati pa mawu ake anthu nʼkuseka. Kenako inafika nthawi yanga. Otieno, amene anali mwana wobwezera, anandiloza ndi lupanga lathabwa, nʼkunditchula mayina onse oipa amene analoweza. Ine ndinayenera kugwada, kulira, iye andibaye, ndigwe. Msuzi wa tomato woyimira magazi ndinali nawo kale m'kathumba pachifuwa.

Anandibaya koma sindinagwe. Anabayanso, ndikuganiza kuti ankayesa sindinamve. Kuseri kwa katani Madamu ankanong'ona m'Chiswahili, "Anguka! Anguka!" akuloza pansi ndi chala. Ine ndinakankha lupangalo, ndinayang'ana mzere wakutsogolo, ndipo ndinalankhula Chichewa.

"Ine sindinaphe munthu. Mwamuna wanga ndinamusambitsa ndekha, ndinamupukuta ndekha, fungo lake ndinalipirira ndekha. Inu amene mukulankhulira wakufa lero, munali kuti akudwala? Ndipo iwe mwana wanga, bambo ako anakuuza okha kuti undide, kapena wangomva kwa anthu?"

Mawu anatuluka onse. Makolo a ku Kenya anayesa kuti wamasiye wapenga ndi chisoni nʼkuyamba kubwebweta, ndiye anawomba m'manja kwambiri. Amene anamva tanthauzo lake anali anthu atatu basi, ndipo palibe mmodzi wa iwo anawomba. Ndinatsika pa siteji ndi miyendo yanga, Otieno nʼkutsala ndi lupanga m'manja, wopanda womupha.

Madamu Wanjiru anandichotsa m'gulu la masewero, anandilamulanso kukolopa holo yonse Lolemba. Ndinakolopa ndikuimba. Koma chimene ndinkaopa si Madamu. Pokwera minibasi, imene kumeneko amati matatu, madzulo a Lowerukalo, a Zuze anauza amayi pamaso pa kondakitala kuti alera njoka, mwana wopanda mwambo wotukwana akulu pagulu. Amayi anangoweramitsa mutu. Titafika kunyumba anandikokera kukhitchini.

"Wandichititsa manyazi, Tadala. Mawu amene aja si a mwana."

"Ndi anu, amayi. Ndangokusungirani," ndinatero.

Sanandimenye. Anatembenukira ku mbaula, nʼkukhala nthawi yaitali akutakasa mphika umene sunkafunika kutakasa. Atagawa chakudya anaika mbale ya Yohane pa malo ake, monga ankachitira masiku onse ngakhale ankadziwa kuti ibwerera yosakhudzidwa. Yohane analowa kuchokera pakhonde, kusiya a Zuze ali pakati pa chiganizo. Anasamba m'manja, anakhala pansi pafupi ndi amayi, nʼkudya zonse. Atamaliza anafunsa ngati zatsalako. A Zuze anakwera basi okha, atavala jekete ija.

Achibale ena mpaka lero amanditchula mwana wamwano uja wa ku Nairobi, ndipo sindinapepesepo. Mwambo wolemekeza maliro sindiunyoza, koma ndinazindikira kuti wakufa alibe pakamwa. Amene akuti wakufa wafuna chakutichakuti, mumuyang'ane bwino iyeyo, chifukwa nthawi zambiri wofunayo ndi iye. Ndinazindikiranso kuti mbali ya kulira ndi kugwa amaipereka kwa munthu amene akumuyesa wa mawu ochepa. Amayi anamwalira ali okalamba, m'nyumba ya Yohane, ndipo amene ankawamwetsa phala ndi supuni anali iyeyo.