Mudzi wa Kuseri kwa Phiri

Ndinaganiza zochoka ku Chitungwiza, kuno ku Zimbabwe, chaka chimene fakitale yathu ya mipando inatseka, madola a ku Amerika atangoyamba kuyenda. M'mashopu katundu anali atabwereramo, buledi, mafuta, shuga, koma kuti dola lenilenilo ligwe m'manja mwako, mpaka utuluke thukuta. Anzanga a m'dera la Zengeza 1 anali atawoloka kale kupita ku Joni. Ine ndinatsala ndikudya za ababa, munthu wa ndevu zanga. Manyazi anandigwira, ndinati ayi, nanenso ndipite.

Ababa anabadwira konkuno, ku Malawi sanapondeko. Bambo awo, agogo anga, anabwera wapansi kuchokera ku Nyasalandi ali mnyamata, nagwira ntchito m'mafamu a fodya, kenako m'tauni, namwalira ababa akadali pasukulu. Chimene tinkadziwa n'chakuti anali a Mbewe, mwana wa a Gwaza, ndipo kwawo kunali ku Dedza, kuseri kwa phiri. Phiri liti, mudzi uti, ababa sankadziwa.

Tsiku lotsanzikana kunabwera azakhali anga, achemwali awo aakulu a ababa, amene ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu ku Unit K, dera lina la m'tauni yathu yomweyi. Ife ana tinkawaitana kuti Tete, monga amachitira anzathu Achishona. Tili pakhonde, ababa anandigwira bondo.

"Faniwelo, akuti kumene ukupitako kuli makompyuta odziwa chilichonse. Ukandifufuzire mudzi wa bambo anga. Anzathuwa akafa amawanyamula kupita nawo kwawo kumudzi. Ine sindikupempha zondinyamula, ndalama zake palibe. Koma ndikadzafa, uthenga wa maliro mudzakaupereka kuti? Ndife ngati nkhuku, kwathu osamva?"

Azakhali analowererapo. "Ukafuna mudziwo, uyambe ndi mayi awo a ababa athu. Ababawo anandiuza ine pamene ndinkawadwazika, kuti..."

"Achemwali, za akazi zisiyeni," ababa anawadula. "Mwanayu afufuze dzina la bambo. Mtundu umayenda ndi mwamuna."

"Chabwino, eni mtundu," anatero azakhali, nanyamula dengu lawo. Ine ndinangoseka, poti mumsewu mwathu monse anthu amawerenga mtundu choncho, ndipo nanenso ndinakula ndikudziwa zomwezo.

Ndinakafika ku Cape Town, komwe ndinapeza ntchito yotsuka mbale mu lesitilanti. Abale inu, kusungulumwa kumapweteka. Tinkagona anthu anayi m'chipinda chimodzi, koma woti n'kumuuza zakukhosi panalibe. Kukhitchini kunali anyamata ochokera ku Malawi kwenikweniko, ndipo ndinakondwa kuti ndapeza abale. Nditangotsegula pakamwa anafa nalo phwete. "Chichewa chimenechi mwachigula kuti, achimwene?" Ndinkasakaniza ndi Chishona osadziwa. Iwo ankanditcha mwana wa mtchona, pomwe anzanga a ku Zimbabwe ankanditcha Mmalawi. Ndinkangopitiriza kutsuka mbale.

Mwezi ukatha ndinkasintha marandi kukhala madola n'kupatsira madalaivala a basi kuti akapereke kunyumba, nthawi zina pamodzi ndi mpunga ndi sopo. Zotsala zinali za lendi basi. Mlongo wanga Chipo ndiye ankalemba mameseji m'malo mwa ababa, poti maso awo anali atayamba kuvuta ndi matenda a shuga. Meseji iliyonse, kaya ikhale ya mankhwala, kaya ya denga lodontha, inkathera pa mawu amodzi: "Ababa akuti wapeza?"

Lolemba ndilo linali tsiku langa lopuma, ndipo ndinkalithera ku laibulale ya m'dera lathu. Khadi inali yaulere, kompyuta ankakupatsa ola limodzi. Kumeneko kunali mayi wina wamagalasi, woleza mtima ngati namwino, amene anandionetsa masamba a pa intaneti ofufuzirapo mbiri ya mabanja. Ndinkaona azungu pambali panga akulemba dzina la agogo awo, pompo n'kutuluka sitima imene anakwera, tchalitchi chimene anakwatiramo, mpaka chithunzi. Ine ndinalemba Gwaza Mbewe, Dedza. Mbee! Ndinachotsa Gwaza n'kusiya Mbewe yekha. Koma ndiye anatuluka a Mbewe, osewera mpira, abusa, ogulitsa magalimoto, onsewo osandidziwa.

Mayi uja sanatope nane. Anaitanitsa mapu akale a boma la Dedza kuchokera ku laibulale ina yaikulu, nandijambulira papepala. Midzi inali mbwee ngati nyerere. Ndinafufuza phiri lija, koma kalanga ine, Dedza yense ndi mapiri okhaokha. Kuseri kwa phiri liti, poti phiri lililonse lili ndi kuseri kwake? Mayiyo anandiuza mosabisa kuti ngati mapepala a agogo alipo, ali m'nyumba zosungira mbiri ku Zomba kapena ku Harare, koyenera kupita wekha. Anawonjeza kuti ambiri amene ankabwera wapansi sanalembedwe paliponse. Tsiku limenelo ndinatuluka mutu uli waukulu, njala osaimva.

Ndi mayi yemweyo amene anandilangiza kuti ndilowe m'gulu la pa intaneti la anthu a ku Dedza. Ndinalembamo nkhani yanga. Ena anandiseka, wina anati ndimutumizire ya mafuta akandifunsire, n'kuzimiririka nayo. Zaka zinapita ine ndikubwereza pempho lomwelo ngati wamisala. Kenako tsiku lina kunayankha mayi wina, mphunzitsi wopuma ntchito.

"Achimwene, mukugogoda pakhomo lolakwika. A Gwazawo anali mkamwini, anangobwera kudzakwatira m'mudzimo, ndipo dzina lawo anthu anaiwala kale. Kwathu kuno mudzi ndi wa amayi, ana ndi a kwa mayi. Tiuzeni dzina la mayi a agogo anuwo ndi la amalume awo, tikakufunsireni."

M'maganizo ndinaona azakhali akunyamula dengu lawo pakhonde paja. Ife Achewa obadwira ku Zimbabwe tinatengera kawerengedwe ka anzathu mpaka kuiwala kathu, ndipo ine ndinatha zaka ndikusaka mlendo amene anangodutsa m'mudzi wa eni.

Ndinatuluka panja n'kuimbira Chipo. "Kwera kombi pompano, upite ku Unit K, uwapatse Tete foniyi."

Chipo amamva Chichewa bwinobwino koma amayankha m'Chishona. Anati, "Tete havachataura, mukoma." Azakhali sakulankhulanso. Anagwa pamalo awo ogulitsira tomato miyezi ingapo m'mbuyomo, sitiroko, ndipo apabanja anagwirizana zondibisira kuti ndisasiye ntchito. Ndinamukalipira Chipo mpaka mayunitsi anatha, chikhalirecho iye sanalakwe kanthu. Ndinakhala pansi pamasitepe a laibulale n'kulira, anthu akundilambalala.

Ndinabwerera kumapeto kwa chaka chimenecho. Chitungwiza ndinamupeza ali yemwe uja, kungoti wotopa. M'mipopi madzi munalibe, amayi ali pamzere kumjigo ndi zigubu zawo. Madola anali atada bii ndi kupisana m'manja, ndipo chenji ankakupatsa maswiti. Ababa ndinawapeza ataonda, akuyenda chogwira khoma. Funso lija sanandifunse tsiku loyamba. Anangondisisita nkhope ndi manja, nati ndanenepa, chonsecho akunama.

M'mawa mwake ndinapita ku Unit K ndi mapu anga. Azakhali anali pamphasa, atatsamira khoma la nyumba, pakamwa patapotoka, dzanja lamanja lili lende. Mayi amene ankatukwana makondakitala a kombi mpaka kuthawa, lero ntchentche ikuwatera pamlomo osaiingitsa. Koma maso anali awo omwe aja, ndipo anandizindikira.

"Tete, ndabwera. Munkanena zoona. Mayi a agogo dzina lawo anali ndani?"

Anayesa. Khosi linatupa mitsempha, malovu anatsika, koma mawu sanatuluke. Kulemba sanaphunzire, poti masiku awo sukulu inali ya anyamata. Ndiye ndinaganiza nzeru ina. Ndinayala mapu pamphasa n'kugwira dzanja lawo lamanzere.

"Ndiziwerenga mayina a midzi. Ndikatchula wathu, mundifinye."

Ndinatchula mudzi woyamba, anandifinya. Ndinati tapeza! Koma pofuna kutsimikiza ndinatchula wachiwiri, anandifinyanso. Wachitatu, chimodzimodzi. Misozi inali ikuyenderera m'masaya mwawo, ndipo dzina lililonse ankalifinya mwamphamvu, ngati munthu wopatsa moni abale pamaliro. Kaya samamvetsa zimene ndinawapempha, kaya kumva mayina a kwawo kunawakwanira, sindidziwa mpaka lero. Ndinawerenga mpaka mapu anatha, dzanja langa litachita dzanzi.

Nditafika kunyumba ndinapeza ababa atakhala pakhonde pomwe paja, nkhope italoza kugeti.

"Wapeza?"

Ndinali nditakonza bodza m'kombi. Ndikanangotola mudzi uliwonse pamapupo, akanadziwa bwanji? Koma nditawaona, lilime linakana. Ndinawauza zonse, za laibulale, za mphunzitsi wa ku Dedza, za ukamwini wa a Gwaza, ndi za dzanja la achemwali awo.

"Ndiye kuti tsiku lija ankafuna kundiuza," anatero ababa chapansipansi. Panalibe choti n'kuwatonthoza nacho, ndipo ine ndemwe ndinaseka nawo tsiku limenelo.

"Wati mphunzitsiyo akuti mudzi ndi wa amayi?"

"Eya, ababa. Akuti kwanu ndi kumene kuli mbumba yanu, alongo anu ndi ana awo."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Basi, usavutikenso ndi makompyuta, mwana wanga. Ndikadzafa, usadzatume Chipo, usadzaimbe foni. Udzavale jekete, ukwere kombi, ukagwade pamphasa ya achemwali anga, uwauze kuti mlongo wanu watisiya. Kwathu kwatsala n'komweko."

Ababa anamwalira m'nyengo yozizira yotsatira. Ndinavala jekete, ndinakwera kombi ya ku Unit K, ndinagwada pamphasa n'kupereka uthenga monga anandiuzira. Azakhali anandigwira dzanja n'kulifinya, ndipo ulendo uno sanalisiye.