Amalume a Yafeti Sakudwala

Ndiyambe ndi kupepesa. Sindinalembepo nkhani yoti anthu ena awerenge, ndipo Chichewa changa ndi cha kuno ku Lalapanzi, chimene chimakhalira kuwombana ndi Chishona m'kamwa. Dzina langa ndine Leticia, ndimaphunzitsa sayansi ku Senga, ku Gweru, ndipo zolemba za mtundu uno si ntchito yanga. Ndafufuta ndi kuyambiranso kangapo. Pamene ndapotoza mawu mundikhululukire. Munthu amene ndikumulembayu ali moyo, ndiye ndinayamba ndawapempha chilolezo. Anandiyankha kuti, "Lemba, koma usandinamizire kuti ndine munthu wabwino kwambiri."

Amalume anga a Yafeti ndi mlongo wawo wa amayi anga. Anabadwira mu komboni ya mgodi wa kromu. Bambo awo anachokera ku Ntcheu ali mnyamata, koma amalume sanapondeko ku Malawi. Amati ku Ntcheu amakudziwa monga amadziwira ku Yerusalemu, kongomva. Sukulu sanapite nayo patali, analowa pansi mu mgodi ali wamng'ono. Mgodi waukulu utachepetsa anthu, iwo ndi anzawo anayamba kukumba okha m'maenje ang'onoang'ono a m'mbali mwa phiri.

Koma anthu sankawadziwa chifukwa cha kukumba. Ankawadziwa chifukwa cha pakamwa. Pamaliro ankalankhula popanda chokuzira mawu, wa kumanda kwenikweni n'kumamva. Banja likayambana, ankaitanidwa ndi iwo. Ankayamba m'Chichewa, n'kulowa m'Chishona, ndipo mukamva afika pa Chilapalapa cha mu mgodi mumadziwa kuti apsa mtima. Ife kuno tinatengera zambiri za anzathu a Chishona, ngakhale roora, malowolo aja, timalandira, koma m'banja mwathu chimodzi sitinasiye: mwana wamkazi akamakwatiwa, wolankhula ndi malume wake. Anaimira mkulu wanga, anaimira asuweni anga. Bambo anga atamwalira, ku misonkhano ya makolo kusukulu ankapita ndi iwo, atavala jekete pamwamba pa ovolosi.

Zaka zingapo zapitazo, m'dzinja, dzenje linagumuka, mwala unawagwera pamsana. Anakhala nthawi yaitali m'chipatala ku Gweru. Moyo unatsala, miyendo inasiya kugwira ntchito.

Kuchipatalako kuli mbali ya anthu amene amaphunzitsa ovulala kuyambiranso moyo. Amene ankasamala amalume anali Sisita Nokuthula, mayi wamfupi wa Chindebele, wosachedwa kuseka. Anawaphunzitsa kuchoka pabedi kupita pa chikuku, njinga ya olumala ija, ndi mphamvu ya manja awo okha. Anawaphunzitsa kudziyang'ana kumbuyo ndi kagalasi kuti zilonda za pogona zisawayambe. Akazi awo, a Alefa, anawaonetsa kanyamulidwe kosapweteka msana. Chikukucho anachipeza okha kudzera ku bungwe lina lothandiza. Anatiuzanso za gulu la anthu olumala limene limakumana pa kiliniki ya kwathu. Tsiku lotuluka anatisonkhanitsa pakhonde n'kunena mawu amene ndikuwakumbukira bwino, ngakhale anawanena m'Chishona: "Munthu uyu sakudwala. Anavulala, wapola. Musakamugoneke."

Tonse tinagwedeza mitu. Titafika kunyumba tinawagoneka.

Ndikufuna ndisamale pano, chifukwa palibe amene anachita izi mwa nkhanza. Ife anthu a mu komboni timadziwa kuzonda matenda. Ndi ulemu wathu, ndipo timanyadira kuti wa kwathu sadwala yekha. Lachinayi lililonse amayi a Mvano ankabwera mu yunifomu, kukhala pansi m'chipinda, n'kuimba nyimbo zozizira zija. Azibambo ankaima pakhomo, zipewa zili m'manja. Onse ankalankhula motsitsa. Ankafunsa a Alefa kuti, "Agona bwanji odwala?" eni ake ali pomwepo, maso ali gwa.

"Amayi inu," anatero amalume tsiku lina, "nyimbo zina sungankoni. Mudzasowa zoimba pamaliro panga."

Amayi aja anaseka, ndipo potuluka ankauzana kuti a Yafeti ndi wodwala wolimba mtima.

Pakhomo pa nyumbayo pali sitepe yaitali. Palibe anaganiza zoisalaza, chifukwa wodwala apita kuti? Ndiye chikuku chinkangokhala. Madzi a m'mipopi atayamba kusowa, chinapeza ntchito yonyamula zigubu kupita ku mjigo, ndipo oyandikana nawo ankabwereka. Sisita Nokuthula atapeza galimoto yowafikitsa ku Lalapanzi, chikukucho anakumana nacho pamsewu, a Alefa akukankha, madzi akutayikira pa mtsamiro. A Alefa anandiuza kuti ankayembekezera kukalipiridwa. Koma sisita anangogwira mbali ina n'kukankha nawo. Atafika anafunsa kuti, "Nanga inu amakupumitsani ndani?" A Alefa analira. Chiyambire palibe anali atawafunsapo funso limenelo, ngakhale ife a m'banja.

Kuchokera pamenepo amalume anayamba kupita ku gulu lija, pakapezeka owatsitsa pa sitepe ndi kuwakankha pamchenga. Kumeneko anaphunzira kusoka nsapato. Bedi lawo analisunthira pawindo, ndipo anthu amapereka nsapato pawindo pomwepo. Ena polandira nsapato yosokedwa bwinobwino amatsanzikabe kuti, "Muchire msanga."

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kulemba.

Ndili ndi bwenzi, dzina lake Itai, wa Chishona, amakonza zamagetsi pa fakitale ina ku Gweru. Chaka chino a kwawo anati atumiza munyai, mkulu wopita pakati pa mabanja awiri, kuti adzayambe nkhani ya ukwati. Zoterezi timachitira kunyumba kwa amalume, chifukwa ndi nyumba imene anasiya agogo. Koma amayi anandiitanira kukhitchini n'kundiuza kuti wolankhula adzakhala a Nedson, mkulu wa mpingo wathu, amene si m'bale wathu n'komwe.

"Anthu a eni akubwera koyamba," anatero amayi. "Akadzaona mwini mbumba akukwawa ndi manja adzati chiyani? Adzati banja ili lili ndi tsoka."

"Koma amayi, amalume sakwawa."

"Iwe, ukufuna ukwati kapena ukufuna mtsutso? Achimwene akudwala. Wodwala salandira alendo."

Ndinagonja. Ndinkaopa amayi, komanso, ndinene zoona, ndinkaopa a kwa Itai. Amalume palibe anawauza kanthu. Tsikulo analidziwa okha poona pabwalo pakusesedwa ndi mipando ikubwerekedwa.

Munyai anafika dzuwa lili pamutu, bambo wachikulire wa imvi, ali ndi mnzake mmodzi. Anakhala pabalaza. Chitseko cha kuchipinda kwa amalume chinali chotseka. Ine ndinali kukhitchini, koma nyumba za mu komboni mukuzidziwa, munthu akatsokomola kutsogolo wa kumbuyo amamva. Atatha malonje ndi kuwomba m'manja, munyai anati, "Mwana wathu anatiuza kuti kwanu kuno wolankhula ndi sekuru wa mtsikana, malume wake, a Yafeti. Ndinu amene?"

A Nedson anayamba kukonza kukhosi. Amayi anafulumira. "Achimwene akudwala. Atuma awa."

"Aa, pepani," anatero munyai. "Ndiye ife tingayambe bwanji za ukwati m'nyumba muli matenda, odwala tisanawaone? Tiloleni tiwalonjere kaye."

Pamenepo panalibe pokanira. Ndi ulemu womwe uja umene ifenso timanyadira. Amayi anathamangira kukhitchini, nkhope itasintha. "Pita ukakonze m'chipindamo. Fulumira."

Ndinatsegula chitseko n'kutseka msanga kumbuyo kwanga. Amalume anali atakhala tsonga m'mphepete mwa bedi. Anali atameta ndevu. Anavala malaya oyera, tayi, ndi jekete lija la misonkhano ya kusukulu. Kumapazi kunali nsapato zakuda zopolishidwa, zomangidwa zingwe bwinobwino. Chikuku chinali pambali, chitapukutidwa mpaka m'mawilo. Kuyambira m'mawa ankadikira kuti aitanidwe.

Anandiyang'ana. "Ndikudwala, eti?"

Kenaka anatambasula dzanja.

"Patse bulangete."

Ananyamula miyendo yawo ndi manja, umodziumodzi, monga anawaphunzitsira sisita, n'kugona. Anakoka bulangete mpaka pachibwano kuti tayi asaoneke. Kenaka ananong'ona kuti, "Phimba nsapato." Ndinaphimba ndi manja angawa.

Alendo analowa, anagwada, anawomba m'manja, n'kulonjera m'Chishona. "Makadii, sekuru?"

Amalume anayankha ndi timawu tochepa, tonjenjemera, toti munthu achite kuwerama kuti amve. Anatsokomolanso. Munyai anapemphera mwachidule. Atabwerera pabalaza ananena kuti nkhani aiimika kaye, adzabweranso kumapeto kwa mwezi wa mawa. Sekuru akadzakhala atapezako bwino adzalankhule okha, akadzalephera ndiye a Nedson angathe kuima.

Alendo atapita amayi analowa m'chipinda muja akupumira m'mwamba. "Mwatithandiza, achimwene."

"Ndiyo ntchito ya malume, achemwali," anayankha amalume, mawu awo enieni atabwerera. "Kubisa manyazi a mbumba." Kenaka anaitana akazi awo. "Alefa, dzandimasule chingwe cha m'khosichi, kwatentha."

M'mawa mwake ndisanakwere kombi, minibasi ya ku Gweru, ndinapita kukawatsanzika. Ndinawapeza pawindo akusoka nsapato ya sukulu. Ndinakhala pansi pafupi ndi bedi, osadziwa poyambira.

"Aphunzitsi, mwabwera kudzazonda?" anandifunsa, maso ali pa nsapato.

"Amalume, bwanji simunangowauza zoona?"

"Zoona zake ziti? Zoti amayi ako anama? Pamaso pa apongozi ako, tsiku loyamba?" Anakoka ulusi ndi mano. "Mnyamatayo ali bwanji? Mano ali nawo onse?"

"Ali nawo."

"Amamwa?"

"Pang'ono."

"Onse amayamba ndi pang'ono." Anaseka. "Mawu ndinali nditakonza, ukudziwa. M'Chishona chenicheni, chosasakaniza. Ndinkafuna adziwe kuti mwana ameneyu ali ndi kwawo. Basi, adzanena a Nedson. Bola asadzaiwale dzina lako."

Mu kombi monse mpaka ku Gweru ndinkayang'ana pawindo kuti woyandikana naye asaone nkhope yanga.

Patapita masiku ndinalimba mtima n'kumuuza Itai zonse, za ngozi, za chikuku, za a Nedson, za bulangete. Kale ndinkangomuuza kuti amalume anavulalapo ku mgodi, osapitirira apo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Munyai anaziona nsapato. Ina inatulukira kumapeto kwa bulangete. Anawauza bambo kuti wodwala wogona ndi nsapato zopolishidwa sanamuonepo."

"Ndiye anati chiyani bambo ako?"

"Anangofunsa kuti kodi banja limenelo likutibisira chiyani."

Sindidziwa ngati ndingathe kufotokoza m'mene ndinamvera. Tinkaopa kuti anthu a eni atinyoza akaona munthu wa pa chikuku. Chimene anaona ndi banja limene lagoneka mwini mbumba atavala nsapato. Ndipo amalume anatsokomola chifuwa chabodza chija pachabe.

Sindikulemba izi kuti ndiweruze amayi anga, kapena amayi a Mvano, kapena a Nedson. Thandizo la chipatala amalume analilandira, ngakhale limafika mwa apo ndi apo. Chikuku ali nacho, gulu ali nalo, manja ali nawo, mutu uli bwinobwino. Mbali imene inatsala inali yathu, ndipo ife tinkaganiza kuti tikuichita bwino kwambiri.

Ndawaimbira Sisita Nokuthula kuwafunsa za kasalazidwe ka sitepe ija kuti chikuku chizitsika chokha popanda kugubuduka. Andifotokozera, ndipo ndalankhula kale ndi mmisiri wa mu komboni momwemo. Itai ndamuuza kuti akauze a kwawo kuti sekuru sakudwala, sanadwalepo, ndipo munyai akadzabwera adzawapeza pabalaza. Ngati a kwawo sakondwa nazo, kuli bwino ndidziwiretu pano.

Amayi okha ndi amene sindinawauze. Ndikuwaopabe, ndipo ndikudziwa kuti adzalira n'kunena kuti sukulu yandiwononga. Koma Loweruka ndikwera kombi ya ku Lalapanzi, ndikawauze ndili chogwada kuti pa ukwati wanga adzalankhule amalume a Yafeti. Akakana, ndidzamuuza Itai kuti munyai asavutike kubwera.