Malemu Alamu Anga Pamzere Wovota

Ndili pamzere wosankha khansala pasukulu yathu, koma denga lake ndi madzi. Patsogolo panga paima alamu anga a Faliyoti. Tinawaika m'manda kalekale, koma amavotabe, n'chifukwa chake khansala waulesi uja sachoka. Avala suti yomwe tinawaika nayo.

"Alamu, mwadzukiranso voti?" ndikuwafunsa.

"Andituma," akutero.

Mtsikana wa pakompyuta akuti, "Ikani chala apa, bambo." Akuika. Makina akutsokomola, kenako akulankhula ndi mawu a mkazi wanga: "Awa ayi. Pamaliro awo ndinaphika ndine." Dzina lawo likuthothoka pagalasi ngati mapiko a ngumbi, nkhuku n'kutola.

Ine ndikuika changa, chakuda ndi fodya. Makinawo akuimba nthungululu, mpando wa khansala n'kuthawa wokha.

Ndadzuka chala chili m'mwamba, ndikuseka ndekha.